Kukana Kamodzi Kokha

Tehran, pa 6 Bahman

Kwa Mayi Marziye, mkazi wanga mwa lamulo ndi mwa chifuniro cha Mulungu,

Ndisanafunse za moyo, ndiyambe ndapereka dandaulo. Ine Nematollah, mwini digiri ya mbiri yakale, amene pakali pano ndikutumikira dziko pothira tiyi, ndalandira masokosi amene munaluka. Mayi, sokosi imodzi ikufika m'bondo, inzake ikulekeza pa kakolo. Ndayeza miyendo yanga kawiri ndipo ndi yofanana. Mukudziwa bwino kuti nsapato zimatsala pakhomo, ndiye dzulo ndinalowa ndi thireyi pamaso pa aphungu anayi ndi kazembe mmodzi, onse maso ali pa mapazi anga. Wina anafunsa ngati ndinavulala kunkhondo. Ndinayankha kuti ayi, ndinavulala ku ukwati. Ndikudikira kupepesa kolembedwa.

Tsopano, uli bwanji, Marziye jan, wokondedwa wanga? Nanga mlendo wathu m'mimbamo akukankha? Amayi anga akuti miyendo yako yatupa. Uzikhala pansi, nyumba siithawa. Ine ndili bwino, kupatula chifuwa cha utsi wa mumzinda muno.

Kangachepe kali ndi a Gholam a basi, omwe akupatse kalatayi. Pa foni tizingokamba za kuzizira ndi za mimba, zina zonse zizidzera kwa a Gholam. Safironi wathu, chokometsera zakudya chodula chija, usagulitse tsopano, mtengo ukwera chaka chathu chatsopano cha mwezi wa Farvardin chikamayandikira. Kuno nyama yasanduka chinthu chongopita kukachiona pawindo la butchala, ngati m'nyumba yosungira zakale.

Wandidzudzula kuti miyezi inayi yatha sindinakuuze kuti abwana anga, a Haji Borumandi, ndi munthu wotani. Ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi chimodzi. Anakhalapo nduna kawiri, kazembe kumayiko atatu, phungu kangapo, ndipo pano ndi wapampando wa bungwe lina la alangizi. Ali mnyamata, nthawi ya mfumu, anakhala m'ndende, ndipo chikhadabo cha chala chawo chachikulu sichinamerenso. Kunja anthu amawaopa. M'nyumba iwo amaopa akazi awo, a Khanum, omwe anawaletsa shuga chifukwa cha matenda. Ine ndimawabisira kachibenthu kamodzi kuseri kwa kagalasi ka tiyi, iwo amayang'ana kudenga ngati akuganiza za dziko, kachibenthu kaja n'kusowa. Ubale wanga ndi boma ndi umenewo.

Lachisanu amalandira alendo. Lapitali ndinawerenga nsapato za anthu makumi asanu ndi limodzi kudza atatu. Munthu wothira tiyi safuna nyuzipepala, nsapato zimanena zonse.

Nkhani yabwino ndi iyi: andilonjeza tchuthi m'mwezi wa Khordad, mabulosi akamapsa, kuti ndidzakhalepo mwana akamabadwa. Umuuze adziwiretu.

Pali galimoto yoyera imene yayamba kuima tsidya la msewu. Si kanthu, ndangoitchula.

Mwamuna wako wolakwiridwa,
Nemat

Tehran, pa 3 Esfand

Marziye jan,

Moni kwa iwe, kwa amayi, ndi kwa wokankha uja. Ndasangalala kumva kuti kutupa kwachepa. Chifuwa changa chilipobe, tazolowerana. Uza achimwene ako akwere padenga akakankhe chipale chisanagwetse khola. Iwe ndikamva kuti wakhudza makwerero, ndikusumira.

Kuno kwachitika kanthu. Sabata yatha a Haji anakayankhula pa maliro a mnzawo amene anali naye m'ndende kalekale. M'malo motamanda womwalira n'kukhala pansi, ananena kuti iwo sanazulidwe chikhadabo kuti adzaone zidzukulu za anzawo zikulowa m'zipinda zomwe zija. Kutacha, nyuzipepala ina inawatchula dzina limene sindilemba pano. Lachisanu nsapato zinali za anthu khumi ndi asanu ndi anayi.

A Haji ali ndi mankhwala awo a nyengo zotere: amalemba kalata yotula pansi udindo. A Khanum akuti ino ndi ya khumi ndi chiwiri pa zaka makumi anayi. Zam'mbuyo zonse zinkabwezedwa ndi maluwa, ina mpaka inabwera ndi ukazembe. Popeza dzanja langa ndi lokongola, anandikhazika pansi kuti ndilembe. Digiri yanga yagwira ntchito koyamba.

Tili mkati, analowa Leyli, mwana wawo wamkazi, amene ndi dokotala wa maso.

"Bambo, tsiku lina adzakuvomerani," anatero.

"Tamumva mwana wako, Khanum," anatero a Haji. "Wa takisi amakana ndalama kawiri asanalandire. Mlendo amakana mpunga kawiri njala ikuonekera m'maso. Ndiye boma lathunthu lilandire kalata yanga ulendo woyamba? Si anthu osaleredwa."

"Oleredwawo mwawaika m'manda mmodzimmodzi," anayankha a Khanum, osadzutsa mutu pa masamba amene ankasadzula. "Wotsiriza ndi uja munakamuyankhulira. Amene ali m'maofesi lero sanamwepo tiyi m'nyumba muno."

"Zaka makumi asanu mayi uyu akunditsutsa, ndipo alibe ngakhale mpando m'nyumba ya malamulo. Lemba, Nemat. Ine kapolo wosayenera..."

Ndinalemba. Kalatayo inapita m'mawa mwake.

Galimoto yoyera ija yapeza inzake. Usadandaule. Mwina akukonda mthunzi wa mitengo yathu, ngakhale ilibe tsamba ndi limodzi lomwe.

Wako,
Nemat

Tehran, pa 24 Esfand

Marziye,

Moni nonse. Ndili bwino, ndikudya.

Kalata yotula pansi udindo ija aivomera. Tinamva pa wailesi, nkhani za masana, pakati pa mtengo wa mafuta ndi za nyengo. Anawathokoza chifukwa cha zaka makumi anayi n'kuwafunira mpumulo wabwino. A Haji anali ndi tiyi m'manja. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Nemat, tiyiyu wazizira." Anali akutuluka nthunzi.

A Khanum sananene kuti ndinakuuzani. Anapita kukhitchini, anabwera ndi mbale yonse ya shuga, anaiika pamaso pa amuna awo. Apo ndi pamene ndinachita mantha enieni.

Galimoto ya boma anadzaitenga m'mawa mwake, pamodzi ndi dalaivala ndi alonda awiri a pageti. Mwana wawo wamwamuna, wa ku Canada, anaimba foni n'kukamba za chipale mphindi khumi zathunthu. Nayenso anaphunzira sukulu yathu yomwe ija, yongokamba za kuzizira pa foni. Wophika wapita kwawo kukadwazika amayi ake, omwe anamwalira m'mwezi wa Azar, ndipo ine ndinapereka nawo chipepeso. Mulungu awachiritse.

Tamvera tsopano. Chithunzi chija ndaima pambali pa a Haji, chimene amayi anapachika pabalaza, chichotse. Usachiwotche, amayi angalire. Chilowe pansi pa bokosi la zofunda. Wina akafunsa, ndimagwira ntchito m'sitolo ya mabuku. Akafunsa dzina la sitoloyo, unene kuti mwamuna wako ndi wamwano, sakuuza kanthu. Aliyense m'mudzimo akhulupirira.

Gulitsa theka la safironi, ugule zovala za chaka chatsopano za iwe ndi amayi. Ine chaka chatsopano sindibwera, m'nyumba muno mwatsala manja ochepa. Za Khordad sizinasinthe.

Nemat

Tehran, pa 10 Farvardin

Marziye jan,

Chaka chabwino chatsopano kwa iwe ndi kwa onse. Upsompsone dzanja la amayi m'malo mwanga. Msana ukupwetekabe?

A Khanum anakonzekera anthu mazana awiri monga amachitira zaka zonse: malalanje, mtedza, zoumba, makeke mbale ndi mbale. Ine ndinapukuta timagalasi ta tiyi mpaka zala zinachita makwinya. A Haji anavala suti, anakhala pampando wawo kudikira kuti ang'onoang'ono abwere kudzawaona. Kukalira kanthu kumsewu ankakonza kolala.

M'masiku asanu munabwera anthu asanu ndi awiri. Mphunzitsi wa masamu wopuma, amene anakhala nawo benchi imodzi kusukulu. Mayi wamasiye wa mnzawo uja, ndi mwana wake wamkazi. Aphungu akale awiri, mmodzi wogontha. Wogulitsa makapeti ndi mkazi wake. Anakamba za mawondo, za mankhwala a shuga, za amene wamwalira ndi amene akuyenera kuti anamwalira koma akuonekabe pa wailesi ya kanema. Ndikunenetsa, Marziye: za mawondo. Malalanje tikudyabe mpaka lero, ndayamba kusanduka wachikasu.

Dzulo ndili pamzere wa buledi, bambo wina wa jekete yotuwa anaima kumbuyo kwanga.

"Chaka chabwino, aphunzitsi."

Mumzinda muno palibe amene amandiitana aphunzitsi, dzinalo ndi la kumudzi kokha.

"Mayi akunyumba afika miyezi isanu ndi iwiri, eti? Mulungu awapepukitsire. Msewu wa kwanu ku Birjand ndi wautali kwa munthu wochedwa kunyamuka."

Pamene ndinkatsegula pakamwa n'kuti atandilipirira kale buledi, akuwoloka msewu kupita ku galimoto yoyera. Buledi satayidwa, ndiye ndinadya.

Ndikubwera. Sindidikiranso mabulosi. Uza a Gholam andisungire mpando pa 20. Ndingopeza kaye mawu otsanzikira mwaulemu, munthu wamkulu sumangomusiyira makiyi patebulo. Pakali pano usamatsegulire munthu amene sukumudziwa, ngakhale atanena kuti ndi mnzanga wa ku yunivesite. Anzanga a ku yunivesite alibe ndalama ya basi.

Nemat

Tehran, pa 19 Farvardin

Marziye,

Moni. Tonse tili moyo. Khala pansi usanapitirize, ndipo chilichonse chosweka chikhale patali. Mpando uja a Gholam agulitse kwa wina.

Mawu otsanzikira sanafunike n'komwe. Dzana masana a Haji anandiitana m'munda, pansi pa mtengo wa makangaza. Anali ndi envelopu m'manja.

"Nemat, mwana wanga, pita kwanu," anatero. "Mkazi wako ndi woyembekezera. Nyumba ino yatha."

Marziye, mtima wanga unali kale m'basi, pampando wa pawindo. Koma pakamwa panaleredwa paokha. Ndinangomva pakunena kuti, "Haji Agha, bwana wanga, ndipite kuti? Ndadya za m'nyumba mwanu miyezi yonseyi. Bola ndifere pakhomo panu pano, koma kukusiyani ayi."

Ndinanena bwino kwambiri, ndicho cholakwa changa. Ndinaika ngakhale dzanja pachifuwa. Kenako ndinaima kudikira kuti andikakamize kachiwiri, ndikanenso pang'ono, kachitatu ndipsompsone dzanja, nditenge envelopu. Mwana wa zaka zisanu amadziwa kavinidwe kameneka.

Mkuluyo anandiyang'ana. Munthu amene wakana ndi kukanidwa mwaluso zaka makumi anayi, m'zilankhulo zitatu, anabweza envelopu ija m'thumba. Anandigwira mutu n'kundipsompsona pamphumi.

"Mwa anthu onse amene ndinawakweza, wanditsalira wothira tiyi," anatero akulira. "Khanum, tabwera udzamve. Nemat akuti sachoka."

Ukanatani iwe? Ndinene kuti pepani Haji Agha, ndimangochita ulemu, tatulutsaninso envelopuyo?

A Khanum anandipeza kukhitchini ndikutsuka kagalasi kamodzi kachitatu.

"Wophunzira iwe," anatero, "si ndiwe unalemba kalata ija ndi dzanja lako? Sunatolepo kanthu?"

"Ndimayesa andifunsa katatu, Khanum."

"Mwezi wathunthu akhala akudikira kumva yankho limenelo kwa munthu aliyense. Iwe wawapatsa, ndiye afunsenso kuti uwalande?" Anandilanda kagalasi kaja. "Ndipatse sabata imodzi. Ndiwakonza, adzakuthamangitsa okha, n'kumaganiza kuti nzeruzo ndi zawo. Ndakhala ndikuchita zimenezi asanakhale nduna."

Sabata imodzi, Marziye jan. Uza a Gholam andisungire mpando pa 27. Ndilalatire mmene ungathere, koma m'kalata, osati pa foni.

Chitsiru chako,
Nemat

Pa 4 Ordibehesht

Marziye,

Usafunse kuti kalatayi yatuluka bwanji, ndipo ukawerenga ilowe pamoto. Ndili bwino. Palibe wandikhudza. Iwe uli bwanji? Akukankhabe?

Sabata ija sinakwane. Pa 24 m'mawa kunabwera anthu ndi makina owotcherera zitsulo. Khomo lakumbuyo analiwotcherera, pageti anaikapo kanyumba ka alonda, mafoni anatenga onse. Wa jekete yotuwa uja analowa pabalaza osavula nsapato, anaima pa kapeti ya a Khanum, n'kuyamba kulemba mayina a okhala m'nyumba.

"Uyu ndi wantchito chabe," anatero a Khanum. "Akupita kwawo lero."

Iye anamwetulira. "Wantchito? Ife tinamva kuti akufuna kufera pakhomo pano."

M'munda muja tinali awiri okha, Marziye. Ife ndi mtengo.

Analemba mayina atatu. Leyli amaloledwa kulowa Lachinayi lililonse, ola limodzi, mlonda ali pomwepo. Zakudya amatigulira alonda, anthu osadziwa kusankha mabilinganya. Wophika ndine. A Haji amadya n'kuyamika, umboni wakuti ukazembe suchoka m'magazi.

Masana amandifotokozera mbiri ya moyo wawo, akuti ndiisunge m'mutu popeza mapepala aliwonse amatengedwa. Amanena za misonkhano, za mapangano, za tsiku limene analetsa nkhondo ndi foni imodzi. A Khanum amakonza kuchokera kuchipinda china.

"Uwonjezerepo kuti ana anga onse awiri anabadwa bambo awo ali kukapulumutsa dziko," anatero dzulo. "Leyli anawaona koyamba ali ndi mano anayi, analira ngati waona wakuba."

A Haji anandiyang'ana ngati ndine mwana wawo woyamba. Ine ndinasowa poyang'ana.

Ndalama sizibweranso. Gulitsa safironi yense wotsala. Nthawi ikakwana upite kuchipatala cha mumzinda, achimwene ako akuperekeze, musadikire mpaka zitavuta. Ku Tehran usabwere. Ndabwereza: usabwere.

N.

Pa 29 Khordad

Kwa Marziye, ndi kwa mtsikana amene ndamva kuti mwamutcha Yasaman ine osafunsidwa,

Moni nonse awiri. Leyli anandinong'oneza uku akundiyeza maso: mtsikana, makilogalamu atatu, tsitsi lambiri, mayi ali bwino. Kenako anauza mlonda mokweza kuti maso anga akutuluka misozi chifukwa cha fumbi. Kodi iwe wachira? Akuyamwa? Mphuno ndi yanga? Ngati ndi yanga, umupepesere.

Pali chinthu chimene uyenera kumva kwa ine, osati kwa wina.

Tsiku lotsatira wa jekete yotuwa anandiitanitsa ku kanyumba ka pageti. Anandithirira tiyi yekha, tiyi woipa. Patebulo panali pepala la masamba awiri, lotayipidwa kale. Linkanena kuti ine Nematollah, ndikuthira tiyi pa chaka chatsopano, ndinamva a Haji ndi alendo asanu ndi awiri aja akupangana zinthu zimene sindibwereza pano. Mayina onse analipo. Pambali pake panali tikiti ya basi ya ku Birjand.

"Sainani apa, aphunzitsi. Mkuja m'mawa mwana ali m'manja mwanu."

"Anthuwo ankakamba za mawondo," ndinatero. Mawu anatuluka ngati a nkhuku yonyowa. "Zikomo, sindingathe."

Anaseka. "Ulemu wa ku Birjand. Chabwino, kachiwiri. Sainani."

Ndinaona dzina la mayi wamasiye uja, ndi la mwana wake wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, amene anasendera a Haji lalanje. Ku yunivesite ndinatha zaka zinayi ndikuwerenga mapepala otere m'mafaelo akale. Ndikudziwa chimene chimabwera tsamba lachiwiri likatha.

"Sindingathe," ndinatero.

Anasiya kuseka. "Ndikufunsani kachitatu. Tonse tinaleredwa bwino, mukudziwa kuti lachitatu ndilo lenileni."

Marziye, ndikufuna udziwe kuti sindinali wolimba mtima. Tiyi ananditayikira pa thalauza. Tikiti ija ndinkaifuna kuposa chilichonse chimene ndinafunapo, ndinawerenga ngakhale nambala ya mpando, khumi ndi zinayi. Ndinati ayi.

Anapinda tikiti ija n'kuiika m'thumba. "Ena anatuluka m'nyumba ngati ino ana awo atayamba sukulu," anatero. "Tengani timagalasiti mukatsuke."

A Haji sindinawauze, angalirenso. A Khanum anangoyang'ana thalauza langa, anandikhazika pampando, n'kundithirira tiyi okha.

Ukhululuke, kapena usakhululuke, ufulu wonse ndi wako. Sindikudziwa kuti ndi miyezi kapena ndi zaka. Geti ikalira ndimasuzumira pawindo, ndipo imalira kangapo patsiku. Amayi uwauze kuti sitolo ya mabuku yandikaniza tchuthi.

Koma pali mlandu umodzi umene sindiusiya. Yasaman, mwana wa Nematollah, anabadwa osadikira bambo ake, chinthu chosonyeza kusowa mwambo kwakukulu mwa munthu wamng'ono chotero. Chipukuta misozi chimene ndikufuna ndi ichi, ndipo apilo palibe: asamere dzino, asakwawe, asayende, asatchule liwu ngakhale limodzi, mpaka nditalowa pakhomopo. Akhale wa makilogalamu atatu omwewo. Umuwerengere chigamulochi m'mawa uliwonse, mokweza, ndi mawu okhuthala ngati anga, kuti adzandizindikire.

Mwamuna wako,
Nemat